PIRITON, TULO NDI CHIWONGOLERO



Pamene a komiti anandiuza kuti chaka chino wolankhula ndine, ambiri munayembekeza kuti ndikamba za ntchito za boma, kapena za penshoni, popeza ndi kumene ndakhala kuyambira pamene ndinachoka ku yunivesite. Koma ine ndasankha nkhani ya tulo. Ndikuona ena mwayamba kale kuseka, chifukwa mukukumbukira kuti pa nthawi ya prep ndinali katswiri wogona buku lili chotsegula, chala chili pa mzere ngati ndikuwerenga. Sekani ndithu. Koma chimene chandichititsa kusankha mutu umenewu si choseketsa ayi.

Mu Okutobala wa chaka cha 2022 ndinanyamuka ku Lilongwe pa galimoto yanga kukasiya mwana wanga wamkazi ku sukulu ku Blantyre. Inali nyengo ya fumbi ndi kutentha, ndipo monga zimandichitikira chaka ndi chaka, ndinali ndikuyetsemula, maso akuyabwa, mamina ali chuchuchu. Usiku ndinamwa piritsi limodzi la Piriton, ndipo m'mawa ndisananyamuke ndinamwanso lina. Sindinalawe mowa, ndipo sindinkadzimva wotopa. Tinadutsa Dedza bwinobwino, tinaima pa Lizulu kugula mbatata ndi kabichi, n'kupitiriza ulendo. Chimene ndikukumbukira pambuyo pake ndi mfuu ya mwana wanga yakuti, "Adadi!" Potsegula maso ndinapeza matayala a kumanzere atachoka kale pa phula, ndipo patsogolo panga panali bambo wina akukankha njinga ya makala. Ndinamuphonya ndi pang'ono zedi. Nditaimitsa galimoto, manja anga ankanjenjemera kotero kuti ndinalephera kutsegula botolo la madzi.

Pambuyo pake ndinachita masamu amene aphunzitsi athu anatiphunzitsa. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi iliyonse. Munthu akatsinzina masekondi atatu okha, ndiye kuti wayenda mamita oposa 60 popanda woyendetsa. Nditafotokozera mnzanga wina wogwira ntchito ku chipatala, funso lake loyamba linali lakuti, "Munamwa mankhwala anji?" Nditatchula Piriton anangopukusa mutu. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuwerenga kuti ndimvetse m'mene kapiritsi kakang'ono ka chimfine kangagonetsere bambo wamkulu masana dzuwa likuswa mtengo. Yankho lake lagona pa chinthu chotchedwa histamine.

Histamine ndi mankhwala amene thupi lathu limapanga lokha kuchokera ku histidine, kachigawo kena ka mapuloteni opezeka m'zakudya monga nyemba, nsomba ndi nyama. Akatswiri awiri a ku Germany, Adolf Windaus ndi mnzake Vogt, ndiwo anayamba kuipanga mu labotale m'chaka cha 1907. Mu 1910 Henry Dale ndi Patrick Laidlaw a ku London anaonetsa zimene imachita m'thupi la nyama, monga kufinya timachubu ta mpweya ta m'mapapo ndi kusintha kayendedwe ka magazi. Ambirife timaidziwa histamine chifukwa cha mavuto ake ngakhale sitiitchula dzina. Pakhungu, m'mphuno ndi m'mapapo muli maselo amene amaisunga, ndipo udzudzu ukaluma, kapena fumbi ndi mungu wa maluwa zikalowa m'mphuno mwa munthu amene sizimuyanja, maselo aja amaitulutsa. Zotsatira zake ndi kuyabwa, kutupa, kuyetsemula ndi ziwengo.

Kuti histamine igwire ntchito imayenera kulowa pa malo ake enieni a pa selo, monga m'mene kiyi amalowera mu loko. Maloko amenewa alipo a mitundu inayi, ndipo akatswiri anawatcha H1, H2, H3 ndi H4. Loko wa H1 ndiye wa kuyabwa ndi kuyetsemula. Wa H2 ali m'mimba, kumene histamine imalamula kuti asidi wogaya chakudya atuluke. James Black wa ku Scotland ndiye anatsogolera ntchito imene inabala mankhwala a zilonda za m'mimba otchedwa cimetidine, amene anayamba kugulitsidwa mu 1976, ndipo iye analandira mphotho ya Nobel mu 1988. Ndikhulupirira kuti ena muli muno munawamwapo.

Mankhwala otseka loko wa H1 ndi akale kuposa pamenepo. Oyamba anapezeka ku Pasteur Institute mumzinda wa Paris mu 1937, mwa ntchito ya Daniel Bovet ndi Anne-Marie Staub. M'zaka za m'ma 1940 kunabwera diphenhydramine, amene ena amamudziwa ngati Benadryl, promethazine, amene ndi Phenergan, ndi chlorpheniramine, amene ndi Piriton wathu uja. Madokotala sanachedwe kuona kuti odwala amene apatsidwa mankhwalawa kuyabwa kumaleka, koma amayamba kuwodzera. Funso linali lakuti, kodi mankhwala a pakhungu ndi m'mphuno akukhudzana bwanji ndi tulo?

Kuti tiyankhe, ndiloleni ndibwerere m'mbuyo pang'ono. Pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ku Ulaya kunabuka matenda achilendo a muubongo. Odwala ambiri ankagona usana ndi usiku kwa milungu yambiri, koma ena ochepa ankalephereratu kugona. Matendawa ndi osiyana ndi kaodzera wofalitsidwa ndi kashembe amene timamudziwa ku Nkhotakota ndi ku Rumphi. Dokotala wina wa ku Vienna, Constantin von Economo, anawafotokoza mu 1917, ndipo atapima ubongo wa anthu amene anamwalira nawo anapeza chinthu chofunika. Amene ankagona mosalekeza anali ataonongeka chakumbuyo kwa kachigawo ka pansi pa ubongo kotchedwa hypothalamus, pamene amene ankasowa tulo anali ataonongeka chakutsogolo kwake. Iye ananena kuti kumbuyoko kuyenera kuti kuli malo osunga munthu maso, ndipo kutsogoloko kuli malo obweretsa tulo.

Panapita zaka zoposa 60 kuti zioneke kuti histamine ili pakati pa nkhaniyi. Mu 1984 magulu awiri a akatswiri, lina lotsogoleredwa ndi Watanabe wa ku Japan, lina ndi Panula wa ku Finland, anaonetsa kuti maselo onse a mauthenga a muubongo opanga histamine asonkhana pa kamalo kamodzi kotchedwa tuberomammillary nucleus, ndipo kamaloko kali kumbuyo kwa hypothalamus, dera lomwe lija von Economo analoza. Maselowa ndi ochepa kwambiri. Ubongo wa munthu uli ndi maselo a mauthenga pafupifupi 86 biliyoni, koma opanga histamine sakwana ngakhale 200,000. Komabe timaulusi tawo timafika pafupifupi paliponse muubongo mpaka ku msana.

Amene tinaphunzira masiku a jenereta tingamvetse bwino zimenezi. Kainjini kamodzi kuseri kwa khitchini kankaunikira makalasi onse ndi mahositelo onse, ndipo kakazima, sukulu yonse inali mumdima. Akatswiri atayeza maselo a histamine mu amphaka ndi mbewa za mu labotale anapeza kuti amagwira ntchito nyama ikakhala maso, makamaka ikakhala tcheru. Amachepetsa ikayamba kusinza. Ndipo amangoti zii ikagona, ngakhale pa nthawi ya maloto. Si jenereta yokhayo ayi, pakuti muubongo muli magulu ena a maselo othandiza pa ntchito yomweyi, monga opanga noradrenaline, serotonin ndi acetylcholine. Koma gawo la histamine linaoneka bwino mu 2002, pamene akatswiri a ku Lyon, ku France, anayeza mbewa zobadwa zosatha kupanga histamine. Mbewa yabwinobwino ikaikidwa m'khola lachilendo imatha maola ikununkhiza ndi kufufuza. Mbewa zopanda histamine zinkagona patangopita mphindi zochepa. Choncho histamine ndi yofunika kwambiri pamene munthu ayenera kukhala tcheru, ndipo ndi malo ochepa ofuna tcheru kuposa pa chiwongolero.

Tsono yankho la funso langa ndi ili. Loko wa H1 amene ali m'mphuno alinso muubongo, ndipo kumeneko ndi amene histamine imadzera posunga munthu maso. Pakati pa magazi ndi ubongo pali ngati mpanda umene umatchinga mankhwala ambiri kuti asalowe. Koma Piriton, Phenergan ndi Benadryl amadutsa mpandawo mosavuta. Akalowa amakatseka maloko a muubongo monga m'mene atsekera a m'mphuno. Maselo a histamine amapitiriza kutumiza uthenga wakuti "khala maso," koma uthengawo sufika. Walira mvula walira matope: ine ndinkafuna kuleka kuyetsemula, ndipo ndinalekadi, koma ndinatengera limodzi ndi tulo. Chinanso n'chakuti chlorpheniramine amachedwa kutuluka m'thupi. Mwa munthu wamkulu pamapita maola oposa 12, mwa ena tsiku lathunthu, kuti theka lake lichoke. Ndiye kuti piritsi langa la m'mawa linakapeza la usiku lidakalipo.

Mwina mukufunsa kuti, nanga bwanji sindinamve tulo tikubwera? Mu 1996 gulu la Clifford Saper ku Harvard linapeza kagulu ka maselo kutsogolo kwa hypothalamus, dera lachiwiri lija la von Economo, kamene kamagwira ntchito munthu akagona. Maselo amenewa amatulutsa mankhwala otchedwa GABA amene amazimitsa maselo a histamine ndi anzawo. Nawonso maselo osunga munthu maso amapondereza a tulowa. Mbali ziwirizi zimakankhana, ndipo imodzi ikangofooka pang'ono, inayo imapambana msangamsanga. Saper anayerekeza zimenezi ndi swichi ya magetsi, imene ilibe pakati: yayaka kapena yazima. N'chifukwa chake palibe munthu amene amakumbukira mphindi imene anagonera. Tulo sitigogoda pakhomo.

Pali zinthu zina ziwiri zimene zimakankha swichi imeneyi. Choyamba ndi wotchi ya m'thupi, imene imatsata kuwala ndi mdima, ndipo imafooketsa munthu kwambiri m'bandakucha komanso pang'ono masana dzuwa litangopendeka. Tulo tija ta m'kalasi ya masana sitinali mlandu wa nsima ndi nyemba zokha ayi. Chachiwiri ndi adenosine, amene amaunjikana muubongo nthawi yonse imene munthu ali maso, ngati ngongole imene imabwezedwa ndi tulo basi. Caffeine wa mu khofi ndi tiyi amatseka maloko a adenosine, motero amabisa ngongoleyo koma saibweza. Amene tinkabwira khofi wouma ndi kuviika mapazi mu ndowa ya madzi ozizira pokonzekera mayeso a Fomu 4 tinkangozengereza kulipira, ndipo ena tinakalipirira m'chipinda cha mayeso momwemo.

Nkhani ina imene inandikhudza powerenga ndi ya matenda otchedwa narcolepsy. Mu 1998 magulu awiri a ku America anatulukira mankhwala ena a muubongo otchedwa orexin, amene amalimbikitsa maselo a histamine ndi anzawo kuti swichi ija isamangogwedezeka. Pofika 2000 zinadziwika kuti anthu ambiri odwala narcolepsy anataya maselo opanga orexin. Munthu wotere amagwidwa ndi tulo mwadzidzidzi masana, ngakhale akudya kapena akulankhula, ndipo ena amafooka mawondo akaseka kwambiri. Matendawa amagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 2,000, ndipo kawirikawiri amayamba pa msinkhu wa ku sekondale. Taganizani, anzanga, mwa ana onse amene adutsa pa sukulu ino, kodi sipangakhale mmodzi kapena awiri amene tinkawatcha aulesi pamene anali odwala? Apanso histamine yathandiza. Loko wa H3, amene Jean-Charles Schwartz ndi anzake anatulukira ku Paris mu 1983, amagwira ntchito ngati buleki pa maselo a histamine. Mankhwala otchedwa pitolisant amamasula bulekiyo kuti histamine ichuluke muubongo, ndipo anavomerezedwa ku Ulaya mu 2016 ndi ku America mu 2019 kuti azithandiza odwala narcolepsy kukhala maso. Amachita zotsutsana ndi zimene Piriton amachita.

Ife a msinkhu wanga Piriton tinamudziwa tili ku pulaimale, masiku a chloroquine. Mukukumbukira kuyabwa kuja, m'manja ndi ku mapazi, kosagonetsa usiku wonse. Makolo athu ankatipatsa Piriton pambali pake. Dziko lathu linasiya chloroquine mu 1993 n'kuyamba Fansidar, ndipo linali loyamba mu Africa kutero. Kenaka mu 2007 kunabwera LA. Koma mu 2009 akatswiri a ku Johns Hopkins University anapeza kuti kuyabwa kwa chloroquine kumadzera loko wina wa pa minyewa ya pakhungu, osati wa histamine. Chimodzimodzinso kuyabwa kwa chitedze. Ndiye kuti thandizo lalikulu limene Piriton ankatipatsa masiku amenewo linali kutigonetsa kuti tiiwale kukanda.

A Wapampando, ndisanakhale pansi ndiloleni nditchule zinthu zisanu zimene ndikupempha aliyense apite nazo kwawo.

Choyamba ndi cha pa msewu. Mu 2000 akatswiri a ku University of Iowa anayeza anthu 40 pa makina oyerekeza kuyendetsa galimoto. Anapeza kuti amene anamwa mamiligalamu 50 a diphenhydramine, wa banja limodzi ndi Piriton, ankayendetsa moipa kuposa pamene anamwa mowa wokwanira kuwaletsa kuyendetsa mwalamulo. Anapezanso kuti m'mene munthu ankadzimvera sizinkasonyeza bwino m'mene ankayendetsera. Munthu atha kunena kuti "ndili bwinobwino" pamene sali bwino, monga ndinachitira ine. Mukamwa mankhwala a mtundu umenewu musagwire chiwongolero, njinga yamoto kapena makina, ndipo musawaphatikize ndi mowa, chifukwa ziwirizi zimathandizana kugonetsa.

Chachiwiri, werengani pepala la mankhwala. Mankhwala ambiri a chifuwa a m'botolo ndi mapiritsi a chimfine ali ndi chlorpheniramine, diphenhydramine kapena promethazine m'kati mwake, ngakhale dzina la pamwamba likhale lina. Ngati vuto lanu ndi ziwengo kapena kuyetsemula ndipo muyenera kugwira ntchito, funsani a dokotala kapena a ku famase za mankhwala atsopano monga loratadine ndi cetirizine. Amenewa salowa kwambiri muubongo, ngakhale kuti cetirizine amawodzeretsabe anthu ena, kotero muyambe mwaona m'mene akukuchitirani musanapite pa ulendo. Safunsa anadya phula.

Chachitatu ndi cha ana. Tonse tamvapo za makolo kapena olera ana amene amapatsa khanda Piriton kapena Phenergan kuti ligone, iwo apume kapena agwire ntchito zina. Mchitidwe umenewu ndi woopsa. Promethazine ndi woletsedwa kwa mwana wosakwana zaka ziwiri chifukwa atha kumulepheretsa kupuma mpaka kufa. Ku Britain, kuyambira 2009, akuluakulu oona za mankhwala analangiza kuti mankhwala a chifuwa ndi chimfine okhala ndi zinthu zimenezi asamapatsidwe kwa ana osakwana zaka 6. Ana ena m'malo mogona amabalalika ndi kulira kwambiri. Ambiri a ife timachoka m'mawa n'kusiya ana m'manja mwa ena. Tiyeni tikambirane nawo nkhaniyi momasuka, ndipo mankhwala tiziwasunga pokhoma.

Chachinayi ndi cha makolo athu okalamba. Mankhwala akalewa satseka maloko a histamine okha, amatsekanso a acetylcholine. Mwa munthu wachikulire zimenezi zimaumitsa kukamwa, zimadzimbitsa, zimavutitsa pokodza makamaka kwa abambo, ndipo zitha kusokoneza mutu kapena kumugwetsa akadzuka usiku. Agogo akayamba kulankhula zosamveka, tisanathamangire kunena za ukalamba kapena za ufiti, tiyambe taona mankhwala amene akumwa.

Chachisanu ndi cha ife amene tikusowa tulo chifukwa cha nkhawa za fizi, ngongole ndi ntchito. Piriton si mankhwala a kusowa tulo. Ubongo umazolowera msanga mankhwala a mtundu umenewu, ndipo pa diphenhydramine zinayezedwa kuti mphamvu yake yogonetsa imatha m'masiku atatu kapena anayi akamamwedwa tsiku ndi tsiku. Zikatero munthu amayamba kuonjezera mapiritsi, zoipa zake n'kumachuluka. Chothandiza ndi kudzuka nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, kuona kuwala kwa dzuwa m'mawa, kusiya khofi ndi tiyi wamphamvu dzuwa likapendeka, popeza caffeine amatenga pafupifupi maola asanu kuti theka lake lichoke m'thupi, ndi kuika foni patali nthawi yogona. Vuto likapitirira milungu ingapo, kapena ngati akunyumba akudandaula kuti mumaliza mkonono n'kumabanika m'tulo, pitani ku chipatala.

Ndisamveke ngati ndikunyoza mankhwalawa ayi. Ndi otsika mtengo ndipo athandiza anthu ambiri kwa zaka zoposa 70. Chofunika n'kudziwa malire ake. Munthu akalumidwa ndi njuchi kapena akadya chinthu chosamuyanja n'kuyamba kutupa milomo ndi kubanika, musataye nthawi ndi Piriton kunyumba; thamangirani naye ku chipatala, chifukwa chimene chimapulumutsa moyo pamenepo ndi jakisoni wa adrenaline.

Pempho langa ku bungwe lathu ndi lakuti, pamene tikukonza zodzacheza ndi ana a Fomu 3 ndi Fomu 4, tipemphe anzathu amene ali m'ntchito za chipatala kuti adzakambe nawo za tulo ndi za mankhwala ogula okha. Tiwapemphenso aphunzitsi kuti mwana amene amangogona m'kalasi tsiku ndi tsiku ayambe waonedwa ndi a chipatala asanapatsidwe chibalo.

Ambiri a inu mwachokera kutali ndipo mubwerera madzulo ano kapena mawa m'mawa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Bambo wa njinga ya makala uja sindimudziwa dzina, ndipo mwina iye sadziwa n'komwe kuti tsiku limenelo anapulumuka. Koma mwana wanga akudziwa, ndipo mpaka lero ndikangotenga makiyi a galimoto amandifunsa kuti, "Adadi, mwamwa chiyani lero?" Ndimamuyankha mosanyinyirika. Funso lomwelo ndikulisiya kwa inu kuti mudzifunse musanalize injini.